Kwa achemwali amene mchimwene wawo watulutsidwa m'chipatala

Achemwali, pepani ndi zomwe zakugwerani. Mwafunsa ngati mtima ungakhale m'malo poti mchimwene wanu, amene anafuna kudzipha, amutulutsa patangotha masiku awiri. Ine ndi namwino, ndagwirapo usiku ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, ndiye ndikuuzani mosabisa kuti ayi, musaponye mwendo kaye.

Ku casualty timathamangira thupi: apume bwino, dripu ilowe, poizoni aphwe mphamvu. Bedi ikufunidwa ndi wina wa ngozi ya kabaza, ndiye akangodzuka n'kumwa phala timati wachira. Koma ngongole ija, banja lija, manyazi aja akumudikira pakhomo pomwe anazisiya. Masabata ndi miyezi yoyambirira atatuluka ndiyo yoopsa kwambiri, ndipo amene anayesapo kamodzi ndi amene timamudera nkhawa koposa.

Chimene chimandiwawa n'choti magadiyani ambiri amafika n'kunena kuti "wamwa mwangozi", poopa apolisi ndi miseche ya m'mudzi. Dokotala amalemba zomwezo m'buku la kuchipatala, mnyamatayo n'kupita osaonana ndi aliyense wa zamaganizo. Ngati inunso munatero, bwererani ndi bukulo mukanene zoona, mupemphe namwino wa matenda a maganizo. Zipatala za maboma zimakhala nawo; kulinso Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kiliniki ya zamaganizo ku Queens. Kupita kumeneko si kuti munthu wapenga.

Lero lomwe chotsani m'nyumba mankhwala a kumunda, a makoswe ndi mapilisi, akasungidwe kwa anansi. Asagone yekha, ndipo mowa autalikire. Ngati anamwa mankhwala a kumunda, mukaona akufooka khosi kapena akubanika masiku ano, thamangani naye kuchipatala, poti kwa ena poizoniyu amadzawafooketsanso mochedwa. Zomumwetsa mkaka kapena mafuta kuti asanze zija musayese.

Msonkhano wa amalume womukhazika pakati n'kumamufunsa kuti "watichititsa manyazi bwanji" uimitseni. Pemphero ndi labwino, koma lisalowe m'malo mwa kiliniki. Inuyo khalani naye pamkeka madzulo, mumufunse mwachindunji: "Kodi maganizo ofuna kufa aja akubwerabe?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo, ambiri amapepukidwa. Akati eya, musadikire tsiku lomwe anakulemberani m'buku, mutengeni usiku womwewo.