Soldering iron ya 100W: ntchito yake ndi kagwiridwe kake

Bambo ena a ku Kawale atumiza funso pa imelo. Amapanga zotchingira nyali ndi tizokongoletsa ta malata ndi waya wa kopa, komanso amalumikizira anthu mawaya a sola. Soldering iron yawo, chipangizo chamagetsi chosungunulira solder (chitsulo chofewa cholumikizira zitsulo), ndi ya 30W, ndipo akuti solder amangoundana timibulu osagwira. M'masitolo a ku Malangalanga aonamo za 60W, 100W ndi 200W. Akufunsa kuti agule iti, komanso ngati imodzi yomweyo ingakonzenso wailesi.

Bambo, gulani ya 100W ya nsonga yophwatalala ngati tchizulo, koma ya 30W ija musaitaye.

Nambala ya W (mawati) imaonetsa mphamvu ya magetsi imene chipangizocho chimakoka, sitanthauza kuti chimatentha kufika pati. Ya 30W yomweyo, ikakhala payokha, imapitirira madigiri 300, pamene solder wa 60/40, amene magawo 60 ndi tin ndipo 40 ndi mtovu, amasungunuka pakati pa madigiri 183 ndi 190. Vuto limayamba nsonga ikakhudza chitsulo. Kopa ndi malata zimayamwa kutentha msangamsanga n'kukumwaza thupi lonse, ndiye kansonga kakang'ono kamazizira pomwepo. Zili ngati kutereka mphika wa nsima ya paukwati pa kambaula kowiritsira tiyi: moto ulipo, koma madzi sawira. Solder amasungunukira pansonga, akagwera pa chitsulo chosatentha amaundana. Timibulu tanu tija ndi timeneto.

Choncho posankha yang'anani kukula kwa chitsulo chimene mukulumikiza. Za 25W mpaka 40W ndi za mabodi a wailesi ndi timawaya ta m'tochi. Ya 60W imakwanitsa waya wofika 2.5mm². Mawaya a sola a 4mm² ndi 6mm², pamodzi ndi malata opyapyala, amafuna 80W mpaka 100W. Ya 200W ndi ya amisiri a ndowa ndi malata okhuthala. Pa tizokongoletsa imalemera dzanja pachabe. Chingwe cha batire cha 16mm² chokha musalimbane nacho, chimafuna lug, kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe, yochita kupana.

Ambiri amaopa kuti yaikulu iwotcha waya, koma imene imawononga kwambiri ndi yaing'ono. Mumaigwiriza kwa mphindi yathunthu, kutentha kumayenda ndi waya mpaka pulasitiki wokutira amasungunuka. Ya 100W imamaliza m'masekondi atatu kapena asanu. Pa bodi ya wailesi mpamene siyenera kufika: imamatula tinjira ta kopa n'kupsereza timatransistor. Apo ndiye pogwira ya 30W ija.

Musanapereke ndalama, werengani zolemba pa chogwirira. Magetsi a ESCOM ndi 230V, ndiye pakhale 220–240V. Ya 110V kapena 120V, monga zina zobwera m'katundu wakale wochokera ku America, imapsa tsiku lomwelo. Pulagi ikhale ya mano atatu, yokhala ndi waya wa earth weniweni, fyuzi yake 3A. Nsonga ikhale yomanga ndi sikuluwu kuti muzitha kusintha, ndipo gulirani yapadera nthawi yomweyo, chifukwa nsonga za makampani osiyana sizilingana kukula. Magetsi akathima mukamaiyatsa pa inveta, dziwani kuti ya 100W imakoka pafupifupi 10A ku batire ya 12V.

Nkhani imene ikufunika chidwi chanu kwambiri ndi ya flux, mankhwala oyeretsa chitsulo kuti solder agwire, popeza inu mumagwira ntchito ziwiri zofuna mankhwala osiyana. Pa mawaya, flux wake ndi rosin yekha basi, utomoni wa mtengo wa paini. Solder wa waya wolembedwa rosin core amakhala nayo kale m'kati. Wa 1mm mpaka 1.6mm ndi wabwino pa ntchito yanu. Malata amafuna flux wa asidi, amene nthawi zambiri ndi zinc chloride, kuti adye litsiro ndi dzimbiri. Flux ameneyu asakhudze waya wa magetsi ngakhale dontho. Amalowa pakati pa timitsitsi ta kopa, mfundo imaoneka bwinobwino lero, pakapita miyezi imabiriwira n'kuduka m'kati mwa tepi, mwini sola n'kumadandaula kuti batire sikudzaza. Mukatha kulumikiza malata, tsukani ndi madzi osakaniza soda yophikira therere, kenako muumitse. Aluminiyamu ndiye sagwira ndi solder wamba.

Kagwiridwe kake ndi aka. Nsonga yatsopano ikangoyamba kutentha, ipakeni solder paliponse isanade, mupukute pa siponji yonyowa, mupakenso pang'ono. Waya musende masentimita awiri, ngati wada mupale mpaka kopa awale. Lowetsani kachubu ka heat shrink, kamene kamafota ndi kutentha n'kukuta mfundo, musanalumikize, mukakankhire kutali ndi moto. Potanitsani mawaya kuti agwirane okha, pakuti solder si guluu wonyamula katundu. Nsonga ikhale pansi pa mfundo, solder pamwamba, kuti asungunuke ndi kutentha kwa waya n'kulowa m'kati. Chotsani solder, kenako nsonga, ndipo musagwedeze mpaka pazizire. Mfundo yabwino imawala ndipo timitsitsi ta waya timaonekabe. Yokakala ngati phulusa louma bwerezani. Solder wopanda mtovu yekha sawala kwambiri ngakhale atagwira bwino, ndipo amasungunuka mochedwerapo, pa madigiri 217 mpaka 227.

Waya wokalowa pansi pa sikuluwu, kaya mu soketi kaya pa charge controller, musaupake solder. Solder ndi wofewa, amaphwatalala pang'onopang'ono, sikuluwu imakhwefuka, malowo amayamba kutentha mpaka kupsa. Mawaya a 230V a m'khoma asiyireni wamagetsi wovomerezeka.

Zipangizo zotsika mtengo zambiri zilibe chowongolera kutentha, ndiye mukazisiya zili choyaka nsonga imada, solder n'kumakana. Mukapuma kupitirira mphindi khumi, zulani pulagi. Nsonga yokutidwa ndi chitsulo chowala musaipale ndi tupa, chokutacho chikachoka solder amadya kopa wa m'kati. Ya kopa yekhayekha mutha kuisalaza. Sikuluwu yake muziimasula apo ndi apo isamamatirire. Poikapo pakhale pachitsulo, osati pathabwa.

Utsi wotuluka ndi wa flux ndipo umapweteka chifuwa, choncho gwirani ntchito pakhonde kapena pawindo lotsekula. Mtovu umatsalira m'zala, ndipo ife timadya ndi manja: sambani ndi sopo musanatape nsima, zidutswa za solder musese ana asanayambe kusewera pamenepo. Ndowa ya madzi akumwa kapena chilichonse choikamo chakudya, lumikizani ndi solder wopanda mtovu.