Kwa mayi amene mwafunsa za mwana wanu wokonda mpira kuno ku Joni

Mayi, funso lanu ndaliwerenga m'mawa ndili mu takisi, ndipo lakhala likundizungulira m'mutu tsiku lonse. Mwati mnyamata wanu ali ndi zaka 11, akaweruka kusukulu amangokhalira kumenyetsa mpira kukhoma mpaka oyandikana nawo nyumba ayamba kudandaula. Mukufuna kudziwa ngati matimu akuluakulu a kuno, Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, ali ndi khomo lolowera ana ngati iyeyu, komanso ngati mupereke R1,500 imene bambo wina wakuuzani kuti ndi yoti mwana akayesedwe ku timu yaikulu.

Ndalamayo musapereke, chonde. Ine zinandionekera. Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 13, tinapatsa ndalama munthu wina wovala bwino, wa kabuku m'manja, amene ankatchula mayina a makochi ngati amadya nawo mbale imodzi. Anatiuza tsiku ndi bwalo. Tinafika 7 koloko m'mawa mwezi wa June, chisanu chake cha kuno mukuchidziwa, tinapeza ana ena oposa khumi atavala kale nsapato zampira, ena zobwereka, akudumphadumpha kuti atenthedwe. Tinadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo. Foni ya munthu uja inali yozima, ndipo sinayakenso. Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo ayi, koma mmene mwana uja anavulira nsapato zake mwakachetechete, kuzipukuta udzu, n'kuziika m'jumbo osayankhula kanthu njira yonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsafunsa kuti mpira wa ana kuno umayenda bwanji, ndipo mapeto ake ndinapezeka ndikuthandiza kuphunzitsa ana osapitirira zaka 13 pa katimu kena kakang'ono cha ku Rosettenville kuno Loweruka lililonse. Zimene ndikulembazi ndi zomwe ndaona pabwalo.

Matimu akuluakuluwa ali nazo nthambi za ana. Chiefs ili ndi malo ake ku Naturena kumene anyamata amisinkhu yosiyanasiyana amaphunzirira, Pirates nayo ili ndi zake. Koma mwana salowa kumeneko chifukwa kholo lagogoda pachipata, kapena chifukwa lalipira munthu wapakati. Iwowo ndi amene amatumiza anthu awo kukaona ana kumene akusewera kale: m'maligi a m'madera, m'mipikisano ya sukulu, ndi mu Gauteng Development League momwe nthambi za ana za matimu amphamvu zimakumana. Akafuna kuitana ana ambiri kuti awayese, amalengeza okha pa masamba awo enieni. Nkhani ikabwera kudzera kwa munthu wonong'ona pa WhatsApp, yofuna ndalama msanga lisanafike Lachisanu, dziwani kuti ndi chikomekome cha nkuyu.

Khomo lenileni lili pafupi ndi kwanu komweko. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, SAFA, linagawa madera m'timabungwe tating'ono totchedwa LFA, ndipo pansi pa LFA iliyonse pali matimu a m'makwalala amene amalembetsa ana ndi kuwapatsa khadi losewerera. Funsani kusukulu ya mwana, kapena pitani pabwalo lililonse lapafupi Loweruka m'mawa, mukapeza ana atavala yunifomu. Mukafunse kochi mafunso awiri: timuyi inalembetsedwa ku LFA iti, ndipo ana amasewera ligi iti? Kochi woona amayankha mosajejema. Kandalama kapamwezi kamakhalapo, ka mayendedwe ndi oyimbira, koma mumaona ndi maso kumene kakupita.

Musaone kuchepa matimu amenewa. Siphiwe Tshabalala, uja anagoletsa chigoli choyamba cha World Cup pa 11 June 2010 pokumana ndi Mexico, anakulira ku Phiri mu Soweto (dzina la malowo limatisangalatsa ife a ku Malawi) ndipo anayambira m'matimu a m'dera momwemo. Asanakhazikike ku Chiefs mu 2007 anadutsa ku Alexandra United ndi ku Free State Stars. Relebohile Mofokeng amene ana onse akumutsanzira masiku ano ndi wa ku Sharpeville, anadzera ku School of Excellence ku Elandsfontein, sukulu yomwenso inasula Steven Pienaar, Pirates isanamutenge. Onsewa anaonedwa ali pabwalo, akusewera.

Ndipo matimu akuluakuluwo nawonso anabadwira m'fumbi lomweli. Pirates inayamba mu 1937 kuchokera ku kagulu ka anyamata ka Orlando Boys Club, ana a anthu amene anasiya midzi yawo kudzagwira ntchito mumzinda wa migodi uno. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira agogo athu amene ankabwera pa Wenela ndi pa Theba. Ana a anthu obwera ndi amene anaimika timu imene lero ili ndi nyenyezi pa jezi chifukwa cha chikho cha Africa cha 1995. Chiefs inabwera mu 1970, Kaizer Motaung atabwerera kuchokera ku America kumene ankasewera mu Atlanta Chiefs, ndipo iyeyo anali mwana wa ku Orlando East, wokulira mu Pirates momwemo. N'chifukwa chake ine ndimawayeza matimuwa ndi muyeso waukulu. Anatuluka mwa anthu, ndiye ali ndi ngongole kwa anthu.

Kodi ngongoleyo akubweza? Mbali ina inde. Ali ndi nthambi za masapota m'madera ambiri, ndipo nthambizi zimachita zambiri kuposa kuimba m'bwalo: zimasonkha pamaliro, zimakonza mabasi, zina zimatolera nsapato zasukulu za ana ovutika. Pa 18 July, tsiku lokumbukira Nelson Mandela, mumaona osewera atapita kusukulu kapena kumalo osungira ana, kupenta zipupa, kugawa mipira. Pamasewero akuluakulu ana amatuluka atagwirana manja ndi osewera, ena amakhala m'mbali kutola mipira. Mwana mmodzi wa pa timu yathu anapezako mwayi wotola mipira tsiku lina, ndipo kwa mwezi wathunthu ankafotokozera anzake mmene udzu wa m'bwalomo unalili wofewa, mmene goloboyi anamugwirira pamutu pomuthokoza. Zinthu zoterezi mwana saiwala.

Komabe kunena zoona, n'zochepa poyerekeza ndi chikondi chimene ana amapereka. Kuyendera sukulu kamodzi pachaka, makamera ali pambuyo, sikulera mwana. Jezi yeniyeni imapitirira R1,000, ndalama imene mayi wogwira ntchito zapakhomo sangaitulutse popanda kugona ndi njala. Masewero ambiri a pakati pa sabata amayamba 7:30 usiku, nthawi imene kholo lopanda galimoto silingayerekeze kuyenda ndi mwana. Ndiye ana ambiri a mumzinda uno timu yawo amaidziwira pa foni ndi pa kanema basi, chonsecho bwalo lili mtunda woyenda ndi basi imodzi. Kwathu mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amatha kukumana ndi wosewera wa Maule kapena wa Manoma pamsika akugula matemba, n'kumupatsa moni. Kuno osewera amakhala kuseri kwa mipanda yamagetsi.

Chondipweteka kwambiri ndi chizolowezi chogulitsa malo a timu mu ligi. Bidvest Wits inayamba mu 1921, inatenga ligi mu 2017 Gabadinho Mhango wathu ali momwemo, koma mu 2020 inagulitsidwa, malo ake n'kupita ku Limpopo, itatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100. Chaka chomwecho Highlands Park imene inkasewerera ku Tembisa inagulitsidwanso. Moroka Swallows, timu ya mu 1947, inatayanso malo ake mu 2024. Eni ake amawerengera ndalama, koma mwana amene anakongoletsa makarapa ake, chipewa cholimba chimene masapota a kuno amavala, ndi mitundu ya timuyo amadzuka m'mawa n'kupeza kuti alibenso timu. Ungamuuze bwanji mwana kuti akonde timu ndi mtima wonse pamene timuyo ikhoza kusamuka ngati lendi?

Tsono pa zoti mwana wanu aone mpira ndi maso, ine ndikulangizani kuti muyambe ndi DStv Diski Challenge. Iyi ndi ligi ya matimu achisodzera a makalabu a mu ligi yaikulu, inayamba mu 2014. Amasewera masana, kawirikawiri kumapeto kwa sabata, m'mabwalo ang'onoang'ono momwe mwana amakhala pafupi moti amamva kochi akukalipa ndi mpira ukulira paphazi. Osewera ake ndi anyamata achisodzera, ndiye amaona kuti mtundawo ndi wofikika. Ine ndinaona kusintha kwa ana athu titapita nawo koyamba. Pobwerera mu takisi sankakambanso za Messi, ankatsutsana za mmene mnyamata wa nambala 6 ankayang'anira kumbuyo asanalandire mpira, ndipo Loweruka lotsatira atatu a iwo anayamba kuchita chimodzimodzi osauzidwa. Mwezi wa December kumakhalanso mipikisano ya m'makomboni, monga Philly's Games ku Tembisa, kumene dera lonse limakhamukira pabwalo, amayi akugulitsa zakudya m'mbali. Ku Alexandra kuli mpikisano umene anayambitsa Maimane Phiri, amene anasewererapo Bafana Bafana, pofuna kubwezera kwawo. Kumeneko ndi kumene mumaona mpira ndi mudzi zili chinthu chimodzi.

Za Soweto Derby, masewero a Chiefs ndi Pirates, ndikudziwa kuti adzakuvutitsani. FNB Stadium imalowa anthu oposa 90,000, ndipo phokoso la mavuvuzela limagwedeza chifuwa. Adzapite ndithu tsiku lina, koma ndi munthu wamkulu wodziwa bwalolo, tikiti yogulidwa malo ovomerezeka, kufika maola angapo mpira usanayambe, ndipo potuluka kudikira chikhamu chiyambe chaphwa. Pa 11 April 2001 anthu 43 anafa pa Ellis Park chifukwa cha kupanikizana pa masewero a matimu awiri omwewa, ndipo ena mwa iwo anali ana. Ifenso tili ndi bala lathu: pa 6 July 2017 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe anthu 8 anatisiya pachipata, ambiri mwa iwo ana. Ndikamayenda ndi ana a eni, ndimalemba nambala yanga ya foni pa dzanja la aliyense ndi cholembera chosafufutika, ndipo ndimawawerenga pokwera ndi potsika.

Pali nkhani ina imene ife obwera timaizemba koma ndi yofunika: mapepala. Polembetsa mwana amafuna chikalata cha kubadwa, zithunzi, nthawi zina kalata ya kusukulu. Kwa mwana amene si nzika ya dziko lino pali lamulo la FIFA loteteza ana osakwana zaka 18, loletsa kuwasamutsa m'mayiko chifukwa cha mpira. Lamuloli limapereka mpata ngati makolo anasamuka pa zifukwa zina osati mpira, kapena ngati mwana wakhala m'dzikomo zaka 5 mosadukiza. Choncho sungani malipoti onse a kusukulu kuyambira kalasi yoyamba, khadi la kusikelo, chilichonse chosonyeza kuti mwanayo wakhala kuno. Ndipo wina asakunyengeni kuti muchepetse zaka za mwana pa pepala. Zikadzaululika amene amanyozeka ndi mwana, osati wamkulu amene anakonza bodzalo.

Kwa inu ena muli m'gulu muno amene muli ndi ana aakazi, musawasiye kunyumba akutsuka mbale. Kuno kuli matimu a atsikana, ina ndi JVW imene anayambitsa Janine van Wyk, yemwe anali kaputeni wa Banyana Banyana. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo lero dziko lonse lapansi likuwadziwa.

Mayi, sindikulonjezani kuti mwana wanu adzavala jezi ya Chiefs ngati Patrick Mabedi amene anafika pokhala kaputeni wa timuyo, kapena kuti adzagoletsa zigoli 16 mu ligi ngati Gaba ali ku Pirates mu 2020. Ofika kumeneko ndi owerengeka, ndipo sukulu isaime chifukwa cha mpira. Pa timu yathu mwana amene sanabweretse lipoti la kusukulu amakhala pabenchi, kaya akhale wogoletsa chotani. Chimene ndaona ndi maso anga ndi china. Tinalandira mnyamata wina wochokera ku Mangochi, wosadziwa Chizulu ngakhale liwu limodzi, amene kusukulu ankamutchula mayina achipongwe aja amatitchula obwerafe. Masabata oyamba ankaima payekha pafupi ndi golo, manja m'thumba. Tsiku lina anatchinga mpira pamzere weniweni wa golo ndi mutu, n'kugwa chagada m'fumbi. Ana onse, Azulu, Asotho, a ku Zimbabwe, a ku Congo, anamuthamangira n'kumuunjikira. Lero akachedwa kubwera, anzakewo ndi amene amapita kukamugogodera pakhomo, ndipo amayi ake akuti ngakhale popita kushopu sayendanso yekha.

Ngati mumakhala chakummwera kuno, ku Turffontein, La Rochelle kapena Rosettenville, ndilembereni kumbali ndikuuzeni bwalo limene timakumana. Timayamba 8 koloko Loweruka. Abwere ndi botolo la madzi ndi nsapato zilizonse zimene ali nazo, tili ndi thumba la nsapato zimene ana ena anazikula, tidzamuyesa. Inunso mubwere, musangomutumiza. Mudzaime m'mbali mwa bwalo pamodzi ndi amayi ena, chifukwa mwana akagwira mpira koyamba amayamba wayang'ana kumene kwaima kholo lake. R1,500 ija, ngati ilipo kale m'manja, mugulireko zotchingira miyendo ndi masokosi awiri, yotsalayo isungeni ya takisi yopitira ku Diski mwezi wamawa.