Mbiri ya agogo isathere pa nkhondo

Imelo iyi ndaiwerenga katatu ndisanayankhe. Achemwali ena andilembera kuti agogo awo aamuna atisiya ali ndi zaka 101, ndiye abale awapatsa ntchito yolemba mbiri yawo, koma zomwe akudziwa n'zoti anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, atabwerako anakhala kumudzi kulima ndi kulera ana. Akufunsa kuti alembe chiyani poti za kunkhondo mwiniwake sankakamba.

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi agogo anga chifukwa funso lanuli landigunda pachilonda.

Anganso anali asilikali a Keyala, King's African Rifles ija, ndipo nawonso samayankhula. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti pansi pa bedi lawo pali bokosi lachitsulo lomwe sitimaloledwa kuligwira. Tsiku lina ndinawapeza atalitsegula akuyanika zinthu padzuwa, ndipo ndinaona mendulo yooneka ngati nyenyezi, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali mwake buluu wakuda ndi timizere ta olenji. Ndinafunsa kuti agogo ichi n'chiyani, iwo anangoti "chitsulo", n'kubwezera m'bokosi. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kale, iwo atapita, kuti imeneyo ndi Burma Star.

Nditayamba kuwerenga ndi pomwe mutu unandizungulira. Asilikali a 11th East African Division, momwe munali anyamata ambiri a Keyala, anayamba akakhala ku Ceylon (lero ndi Sri Lanka) mu 1943 kuphunzira kumenya nkhondo m'nkhalango, kenako mu 1944 anawalowetsa m'chigwa cha Kabaw ku Burma (lero ndi Myanmar) nthawi ya mvula yosalekeza ija, matope mpaka m'mawondo, misundu, malungo, galimoto kumakanika kudutsa moti katundu wina ankachita kuponyedwa ndi ndege, ndipo anayenda choncho akulimbana ndi asilikali a Japan mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin, ku Kalewa, mu Disembala chaka chomwecho. Ndikuwerenga ndinakumbukira kanthu kena. Agogo akabwera kumunda amasamba mapazi, n'kukhala pa kampando kawo kumapukuta pakati pa zala chimodzichimodzi, mosafulumira, ndipo mwana ukalowa m'nyumba mapazi ali onyowa amakubweza pakhomo. Ife timangoti ndi ukhondo wa achikulire. Lero ndimakhulupirira kuti Burma yawo yonse inali pamenepo, pa mapazipo, amatiuza madzulo aliwonse ife osamva.

Ndiye atamwalira ntchito yolemba mbiri inagwera ine, monga yagwera inumu. Ndipo ndinalakwitsa, mpaka pano zimandiwawa. Ndinadzaza pepala lonse ndi nkhondo yomwe sindimaidziwa n'komwe, "anali msilikali wolimba mtima, anamenyera ufulu", mawu akuluakulu okhaokha, kenako kumapeto ndinangoti anasiya ana akuti, zidzukulu zakuti, basi. Madzulo ake azakhali anandiitana pambali n'kunena motsitsa kuti mwana wanga, walemba bwino, koma bambo anga sindinawamvemo.

Anali kunena zoona. Nkhondo inatha mu 1945, Japan inagonja mu Ogasiti. Munthu amene anavala yunifomu zaka zinayi kapena zisanu n'kukhala ndi moyo zaka zina makumi asanu ndi limodzi kapena kupitirira, bwanji timulembe ngati moyo wake unathera pa sitima yobwerera kwawo? Nanga zaka zonse zija amadzuka kusanache kunola khasu, kukhoma mpini, kukonza denga mvula isanayambe, kuyenda mtunda wautali usiku atabereka mwana wodwala, kugulitsa mbuzi kuti fizi ipezeke, zimenezo si mbiri? Ine pano ndinatsimikiza mtima, ndipo palibe angandisinthe maganizo: mbiri yomwe yaika mendulo patsogolo n'kufinya banja mu mzere umodzi yamuchepetsa munthuyo, ngakhale olembawo akuganiza kuti akumulemekeza.

Komanso tisiye kuwapaka utoto achikulire athu akapita. Anga anali aukali, zoona zake n'zimenezo, chitseko chikamenyeka mwadzidzidzi amadzidzimuka n'kukalipa nyumba yonse zii, ndipo mabingu akagunda usiku samagona, amangokhala pakhonde mpaka kuche. Masiku ano madokotala ali ndi dzina la zimenezi, PTSD, vuto la m'maganizo lomwe limabwera munthu akadutsa m'zoopsa, koma nthawi imeneyo panalibe woti akhale nawo pansi n'kuwafunsa kuti mtima uli bwanji. Amene ananyamula zonsezo ndi agogo aakazi. Iwowa anadikira zaka zonse zija osadziwa ngati mwamuna ali moyo, atabwera anamulandira ali munthu wina, koma pa pepala langa lija dzina lawo linangotuluka kamodzi. Achemwali, ngati aakazi alipo kapena mng'ono wawo alipo, yambani ndi iwowo, musachite zomwe ndinachita ine.

Tsopano zoti muchite

Sakani kaye kabuku kapena chikalata chomwe anawapatsa potuluka usilikali, chifukwa pamenepo mpomwe pamakhala nambala yawo ndi gulu lomwe analimo. Musadalire mendulo kuti ikuuzani dzina, nyenyezi zomwe a Britain anapereka pa nkhondo imeneyi zambiri sankadindapo dzina la mwiniwake, koma ikuuzani komwe anapita: Burma Star ndi ya ku Burma, Africa Star ndi ya nkhondo za mu Africa muno monga ya ku Abyssinia (lero ndi Ethiopia), yomwe inathera ku Gondar mu Novembala 1941. Chilichonse mwapeza chijambuleni pa foni chisanayambe kuyenda m'manja mwa anthu. Mukapita pa intaneti ku Commonwealth War Graves Commission dziwani kuti kumeneko amasunga mayina a omwe anafera kunkhondo, agogo anu simukawapezako, koma ngati ankatchula mnzawo yemwe sanabwerere, ameneyo mwina mukampeza.

Za kunkhondo lembani zokhazo zomwe muli nazo umboni, mizere itatu inayi yakwana, osawonjezera zomwe mwiniwake sananene. Kwinako khalani pansi ndi ana awo, aliyense payekha, foni ikujambula mawu, ndipo musawafunse kuti anali munthu wotani chifukwa onse akuyankhani kuti anali wabwino. Afunseni kuti m'mawa amayamba ndi chiyani, akakwiya amati bwanji, chida chomwe samabwereketsa chinali chiti, ndi tsiku liti lomwe anawaona akulira.

Ine funso lomalizali ndinadzawafunsa azakhali patapita zaka. Anati kamodzi kokha, tsiku lomwe mwana wawo woyamba anawawerengera kalata mokweza, yekha, osakakamira pa liwu ngakhale limodzi.