Musanavomere kuti kompyuta yanu ifomatidwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale ku Kasungu. Akuti Word ndi Chrome zimangotsekeka zokha pa laputopu yawo ali mkati molemba mafunso a mayeso, ndipo mnyamata wokonza makompyuta wawauza kuti palibe kuchitira mwina koma kuifomata, kutanthauza kufufuta zonse zimene zilimo n'kuikamo Windows mwatsopano. Akufunsa ngati avomere. Mayi, musavomere kaye, ndipo mundilole ndifotokoze chifukwa chake mwa njira yaitali, popeza mawu akuti kufomata anandidyera ndalama ndiponso zinthu zina zimene ndalama singabweze.

Zaka zingapo zapitazo ndinali mlembi wa banki m'khonde ya kudera kwathu, ndipo maina a mamembala, masheya awo, ngongole ndi chiwongoladzanja ndinkazisunga mu Excel pa laputopu yakaunjika imene ndinagula ku Limbe. Inali ndi Windows 10, pachivundikiro pake panali chipsera cha sitika ya kampani ina yakunja, ndipo kwa miyezi ingapo inagwira ntchito popanda chodandaulitsa. Vuto linayamba chakumapeto kwa chaka, nthawi yokonzekera kugawana ndalama. Ndinkati ndikatsegula fayilo ya gulu, ndili pakati pophatikiza ngongole za munthu wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, Excel inkangozimiririka pasikirini, osasiya uthenga uliwonse, n'kutsala ndikuyang'ana chithunzi cha ana anga chimene ndinaika kumbuyo. Tsiku lina zinachitika anthu khumi ndi awiri atakhala pamphasa akudikira kuti ndiwerenge zimene aliyense alandire, ndipo amayi ena achikulire anafunsa mwaulemu ngati makinawo amameza ndalama za anthu onse kapena amasankha.

Ndinaitengera kwa wokonza wina m'tauni, amene sanaiyatse n'komwe asananene kuti ndi vayirasi ndipo mankhwala ake ndi kufomata. Ndinalipira, ndinaitenga mawa lake ili yoyera ngati yatsopano, ndipo inakhala bwino masiku anayi okha. Nditabwererako anati mwina fulashi yanga ndiyo yabweretsanso vayirasiyo, choncho anaifomatanso. Ulendo wachiwiriwu ndi umene umandiwawa mpaka lero, chifukwa anakopera mafayilo a mu Documents okha n'kusiya foda imene inali pa Desktop, momwe munali zithunzi za tsiku limene tinamanga chiliza cha malemu bambo anga kumudzi. Foni imene inajambula zithunzizo inali itabedwa kale. Sindimuimba mlandu yekha, chifukwa inenso ndinapereka makinawo osakopera kanthu, koma chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti patangotha sabata Excel inatsekekanso monga kale.

Ulendo wachitatu sindinapite kulikonse. Ndinakhala pansi usiku ana atagona n'kuyamba kufufuza ndekha, ndipo ndinapeza chinthu chimene ndimadabwa kuti okonza ambiri sachitsegula. Windows imalemba m'kaundula wake nthawi iliyonse imene pulogalamu yatsekeka mosayenera. Mukadina Start n'kulemba mawu akuti reliability, pamabwera View reliability history, ndipo mukaitsegula mumaona mzere woyenda pakati pa 1 ndi 10 wosonyeza mmene kompyuta yakhalira tsiku ndi tsiku, m'munsi mwake muli timizere tozungulira tofiira pa masiku amene china chake chinalephera. Pa laputopu yanga timizereto tinali ndondondo. Chimene chinanditsegula maso n'chakuti sinali Excel yokha imene inkagwa, koma Chrome, VLC, ngakhalenso Windows Explorer, kungoti zinazo sindinkaziwerengera chifukwa sizinkandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Nditadina pa chilichonse kuti ndione tsatanetsatane, mzere wa Fault Module Name unkatchula fayilo yosiyana nthawi iliyonse, pamene nambala ya vutolo, pa mzere wa Exception Code, inkabwerezabwereza kukhala c0000005, imene imatanthauza kuti pulogalamu yakhudza malo a memori amene siinayenera kuwakhudza.

Pamenepa m'pamene pagona nkhani yonse. Pulogalamu imodzi ikamatsekeka yokha, zinzake zili bwinobwino, ndipo kaundula akutchula fayilo imodzimodzi tsiku lililonse, wolakwa amakhala pulogalamuyo kapena kanthu kena kamene kanaphatikizidwako. Koma mapulogalamu osachitirana ubale akamagwa mosinthana, lero uyu mawa uyo, kaundula akutchula mafayilo osiyanasiyana, muyenera kukayikira chimene onsewo amagwiritsa ntchito limodzi, ndipo choyamba pa zimenezo ndi memori ya kompyuta, imene amaitcha RAM. Hard disk ili ngati nkhokwe, pamene RAM ili ngati lichero limene kompyuta imatapira zimene ikugwirirapo ntchito nthawi imeneyo. Lichero likabooka pakona, mukapeta chimanga chochepa simudziwa kuti labooka, koma mukalidzaza chimayamba kutayika. N'chifukwa chake yanga inkakhala bwino masiku oyamba ikangofomatidwa, pamene munalibe zambiri zotsegula, n'kuyambiranso ndikabwezeretsa mapulogalamu onse. Wokonza uja ankakolopa nkhokwe kawiri konse pamene chobooka chinali lichero.

Kuti nditsimikize, ndinalemba mdsched pa Start, zimene zimatsegula Windows Memory Diagnostic. Kompyuta inazima n'kuyakanso pa sikirini yabuluu yowerenga maperesenti, ndipo isanafike ndi pakati pomwe inalemba kuti yapeza vuto pa zipangizo. M'mawa mwake ndinazimitsa laputopu, ndinachotsa chaja ndi batire, ndinamasula kachitseko kapansi, ndipo ndinapeza timatabwa tiwiri ta RAM ta 4 GB kalikonse, kamodzi ka mtundu wina kenanso ka mtundu wina, kusonyeza kuti wogulitsa anachita kuwonjezera kuti mtengo ukwere. Ndinachotsa kamodzi n'kuyesanso, vuto linalipobe. Ndinabwezera kameneko n'kuchotsa kanzake, ndipo mayeso anatha opanda cholakwika. Laputopuyo inatsala ndi 4 GB yokha, inkachedwa ndikatsegula masamba ambiri a intaneti, koma sinatsekenso Excel mpaka tsiku limene ndinaipereka kwa mphwanga.

Kuyambira pamenepo maganizo anga pa kufomata anauma, ndipo sindibisa. Kufomata munthu asanawerenge kaundula ndi ulesi umene tauveka dzina la ukatswiri. Ndikumvetsa chifukwa chake anyamatawa amathamangira kumeneko: kufufuza kumatenga maola ambiri amene kasitomala safuna kulipira, pamene kufomata kuli ndi mtengo wodziwika ndipo makina amabwerera akuthamanga, mwini wake n'kuchoka akumwetulira. Koma kufomata kumafufuta umboni womwewo umene ukanaloza wolakwa, ndipo kawirikawiri kumabweretsa alendo atsopano. Ambiri amaikamo Windows ndi Office zosagula mwalamulo, zotsegulidwa ndi timapulogalamu tochokera kosadziwika, ndipo kuti timeneti tigwire ntchito amazimitsa chitetezo cha Windows kapena kutseka njira yolandirira zokonza zatsopano. Ena amawonjezera ma antivayirasi awiri poganiza kuti alonda awiri amaposa mmodzi, chonsecho awiriwo amalimbirana fayilo iliyonse imene mwatsegula mpaka pulogalamu kuuma. Pa Windows 10 ndi 11 muli kale Microsoft Defender, ndipo pa kompyuta yapakhomo ine ndimaiona kuti ndi yokwanira.

Sindikunena kuti mavayirasi kulibe. Aliyense amene anapitapo ndi fulashi kokasindikiza mapepala akudziwa kachilombo kaja kamene kamabisa mafoda n'kusiya ma shortcut m'malo mwake, ndipo aphunzitsi ndinu amene mumakumana nako kwambiri chifukwa fulashi imodzi imazungulira sitafu rumu yonse. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chotchula vayirasi pa chilichonse, monga mmene kale mutu uliwonse ukawawa tinkati ndi malungo tisanayezetse magazi.

Za fumbi, kutentha ndi magetsi

Pali adani ena awiri amene kwathu kuno sitingawadumphe, ndipo zizindikiro zawo n'zosiyanako ndi zimene ndafotokozazi. Woyamba ndi kutentha. Mu Okutobala, fumbi litadzaza m'mazenera a fani, laputopu itaikidwa pabulangeti kapena pamatiresi pamene mpweya sungalowe kunsi kwake, purosesa imatha kuyandikira madigiri 100, ndipo ikafika pamenepo imadzichepetsera liwiro kapena kuzimitsa kompyuta yonse kuti isapse. Choncho ngati makina anu amayamba ndi kulira fani kwambiri, kenako kuchedwa, kenako kuzima onse osati pulogalamu imodzi, ikani dzanja pambali pamene pamatulukira mpweya. Mukamva kutentha koma mpweya wotuluka uli wochepa, njira yatsekeka ndi fumbi, ndipo chofunika ndi munthu woti atsegule n'kupukuta.

Wachiwiri ndi kuzimazima kwa magetsi. Malaputopu ambiri akaunjika amabwera ndi batire yotha, moti magetsi akangothima nayonso imathima nthawi yomweyo ngati wailesi. Ikathima ili pakati polemba pa disiki, fayilo imene inkalembedwayo imatha kutsala yoduka, ndipo ngati fayiloyo ndi ya Windows kapena ya Office, pulogalamu imene imaidalira idzagwa nthawi iliyonse imene yaifuna. Izi zili ndi mankhwala osafuna kufufuta chilichonse. Mumatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba sfc /scannow, ndipo Windows imayendera mafayilo ake otetezedwa n'kuyesa kubwezeretsa owonongeka, ngakhale kuti a Office siiwakhudza. Disiki yokalamba nayonso imachita zofanana, makamaka ija yozungulira ikayamba kumveka kugogoda, ndipo kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo kamakuuzani ngati ili bwino kapena yayamba kutha. Ikalemba Caution, siyani zonse mukopere mafayilo anu tsiku lomwelo.

Mayi, simunandiuze kuti muli pa Windows iti, ndipo zimenezi zili ndi gawo lake pa nkhani ya Chrome. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira ntchito pamenepo ndi ya nambala 109, ya kumayambiriro kwa 2023, kotero kuti masamba a intaneti a masiku ano akamailemera palibe chokonza chimene chidzabwere. Windows 10 nayonso nthawi yake yosamalidwa inatha pa 14 Okutobala 2025, ngakhale kuti zimenezi pazokha sizichititsa mapulogalamu kutsekeka.

Tsono pa laputopu yanu, Mayi, chitani izi motsatana, ndipo mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba koperani mafayilo anu onse, a pa Desktop ndi mu Downloads omwe, kuwaika pa fulashi yabwino kapena pa Google Drive, ndipo mutsegule angapo kumeneko kuti muone ngati akopedwadi. Kenako tsegulani kaundula uja muwerenge kuti ndi mapulogalamu angati amene akugwa ndiponso vuto linayamba tsiku liti, n'kudzifunsa chimene chinaikidwa m'kompyutamo sabata imeneyo. Yesani kutsegula Word mutagwira batani la Ctrl kuti iyambe mu Safe Mode, kutanthauza yopanda zowonjezera zilizonse, ndipo ikakhala bwino mmenemo wolakwa ndi ka add-in kena, kapulogalamu kophatikizidwa ku Word, kamene mungakazimitse, kapena mukonze Office podina Modify kenako Quick Repair pa mndandanda wa mapulogalamu, zimene sizidya bandulo. Pa Chrome zimitsani timapulogalamu tonse towonjezera totchedwa ma extension, muzimitsenso hardware acceleration mu Settings, chifukwa dalaivala wa zithunzi, pulogalamu imene imayendetsa zooneka pasikirini, akakhala wakale amaigwetsa kawirikawiri. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi muone mu Task Manager ngati memori ikudzaza mukatsegula ziwirizo limodzi, pakuti 4 GB siichedwa kutha. Mukatero thamangitsani sfc ndi mdsched. Popeza mwatchula mapulogalamu awiri osiyana, ine ndikukayikira memori, koma ndinalakwitsapo kale polosera ndisanaone kaundula.

Zonsezi zikalephera ndipo RAM ndi disiki zapezeka zili bwino, pamenepo kuikamo Windows mwatsopano kuli ndi nzeru, ndipo mukhale pomwepo pamene mnyamatayo akukopera mafayilo anu. Pakadali pano, poti mayeso sadikira, lowani mu Options ya Word pa gawo la Save muchepetse nthawi ya AutoRecover, imene Word imasungira yokha zimene mukulemba, kuchoka pa mphindi 10 kufika pa 2, ndipo chala chizolowere Ctrl ndi S mukamaliza funso lililonse. Mukatsegula kaundulayo, jambulani ndi foni mizere ya Fault Module Name ndi Exception Code ya masiku atatu osiyana munditumizire pa imelo yomweyi, ndidzaiwerenge tisanagule kanthu kalikonse.