Chapani kaye musanapereke, chonde

Sabata yatha mayi ena anandilembera imelo. Asoka chofunda cha zigamba cha mdzukulu wawo, miyezi inayi ali pa singano, ndiye akufunsa ngati achichape asanapereke, poti akuopa kuti chikakhudza madzi sichionekanso chatsopano. Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo inanditonesa bala.

Zaka zingapo zapitazo ndinasokera mng'ono wanga chofunda atangobereka mwana wake woyamba. Zigamba zofiira ndi zoyera, zosoka pamanja, usiku ndi usiku ana akagona. Nditamaliza ndinachisita chili see, n'kuchipinda osachionetsa madzi, chifukwa ndinkafuna achilandire chili chowongoka. Patapita chaka ndi theka ndinazindikira kuti ndikapita kwawo chofundacho sindichiona. Nditafunsa anangogwetsa misozi. Anakachitulutsa pansi pa sutikesi. Zoyera zonse zinali zitasanduka pinki, ndipo msoko umodzi wa pakona unali utamasuka. Anali atachichapa kamodzi kokha, mwana atabwezerapo mkaka, utoto wofiira n'kuchucha. Nthawi yonseyo ankadziimba mlandu kuti wawononga ntchito ya mkulu wake, mpaka kuchibisa, pomwe wolakwa ndinali ine. Mwanayo anatha ukhanda wake wonse osachifundanso.

Kuyambira tsiku limenelo palibe chofunda chimatuluka m'manja mwanga chosachapa, ndipo pa nkhani iyi sindigonja. Ngati utoto uchuche, uchuchire ine amene ndikudziwa chochita. Ngati msoko umasuke, umasukire ine amene ndili ndi singano ndi ulusi wake womwewo. Kupereka chosachapa n'kusenzetsa wolandirayo mantha amene sanawapemphe.

Komanso taganizani kumene chofundacho chadutsa. Miyezi inayi chakhala pamiyendo panu, chayalidwa pansi pamene mumalumikiza nsalu ya pamwamba, thonje la m'kati ndi nsalu ya kumsana. Chamwa thukuta ndi mafuta a m'manja. Muli choko kapena inki yolembera mizere, mwina sitachi, mwina guluu wopopera. Kwanga kuno mphaka amagonapo ndikangotembenuka. Zonsezo mukufuna zikakhudze khungu la mwana?

Za kuoneka chatsopano, inde, chidzakhwinyata. Thonje la m'kati limabwerera pang'ono, nthawi zambiri ndi 3 mpaka 5 peresenti, ndipo nsalu imatutumuka m'mbali mwa misoko. Ine makwinya amenewo ndi amene ndimawadikira. Amabisa pamene dzanja linapotoka, ndipo chofunda chimafewa, munthu n'kuchifunda mopanda mantha. Chosita chija anthu amachiopa, amachisunga m'kabati zaka n'zaka, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa kuchiona chitang'ambika ndi ntchito.

Ndinenenso za mchere ndi viniga, poti wina alemba ndithu. Ambiri amati zimagwiritsa utoto. Viniga amathandiza ponyika ubweya kapena silika, koma pa nsalu ya thonje yonyikidwa kale kufakitale sagwira kanthu. Ine ndinayesa, zofiira zinachuchabe. Chothandiza n'kuyesa nsalu musanadule: nyowetsani kachidutswa, kapanikizeni pa kansalu koyera, muone ngati kasiya mtundu. Zofiira, zabuluu wakuda ndi zapepo ndi zimene zimavuta kwambiri.

Kachapidwe kake

Ngati munalemba ndi cholembera chabuluu chosungunuka m'madzi, tsukuluzani kaye ndi madzi ozizira opanda sopo, ndipo musasite, chifukwa kutentha kumakhazikitsa inkiyo. Kenako chapani m'madzi ozizira ambiri, ndi sopo wofatsa wopanda fungo, osathira bulichi. Pa makina sankhani kuchapa kofatsa, muponyemo timapepala togwira utoto tiwiri kapena titatu. Pamanja, kanikizani pang'onopang'ono, osapotokola. Chikangotha chitulutseni, chifukwa chikakhala chonyowa chili chopindana m'pamene utoto umasamukira pa zoyera. Chionetsetseni chisanaume. Chonyowa chimalemera kwambiri, choncho musachipachike ndi makona, ulusi ungaduke. Chiyaleni pa shiti yoyera pamthunzi, kapena chigoneke pa zingwe ziwiri kapena zitatu. Dzuwa lamphamvu limasulutsa mitundu. Ngati m'kati mwake ndi ubweya, madzi otentha ayi. Chikauma mpaka m'kati, yenderani misoko yonse ndi zala, chiikeni m'pilo kesi ya thonje osati m'pulasitiki, ndipo ikanimo kakalata kofotokozera makolo a mwanayo kuti chachapidwa kale komanso momwe angachichapire.

Cha mng'ono wanga chija ndinachitenga, n'kuchinyika usiku wonse m'madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale kuti utoto wochuchawo uchoke, kusintha madzi katatu. Pinkiyo inachepa koma sinatheretu. Pakona ndinasokanso, ndipo panopa akufunda mwana wake wachiwiri.