Ndikadina adiresi ya imelo palibe chikutseguka, vuto ndi chani?

FUNSO: Zikomo a Malume. Ndinagula laputopu yogwirapo kale ntchito kwa mnzanga wina, ili ndi Windows 10, ndiye pano ndikusaka ntchito ndipo makampani ambiri amangoika adiresi ya imelo ya buluu ija ati tumizani CV apa. Ndikadinapo zii, palibe chochitika, tsiku lina inanditsegulira pulogalamu ya Mail yomwe chigulireni sindinaigwirepo nkumandiuza zoti ndisamukire ku Outlook. Bandulo ndili nayo, Gmail yanga ikutseguka bwinobwino pa Chrome. Kodi ndi vairasi kapena anandigulitsa chinthu chakufa? Masiku otsekera akungondidutsa.
Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achemwali mtima m'malo, si vairasi ndipo mnzanuyo musamukwiyire. Adiresi ya buluu ija payokha situmiza kalata ayi, kuseri kwake kuli kamawu koti mailto: ndipo ntchito yake ndi kungofunsa kompyuta kuti amene amaona za makalata muno ndani? Tsono Windows imayang'ana pomwe panalembedwa dzina la pulogalamu ya imelo, ikapeza palibe dzina, kapena dzina lilipo koma mwini wake anamwalira kalekale, imatha kungokhala chete ngati mwana wofunsidwa samu yovuta.

Kwa inuyo ndikuona kuti ndi zachiwirizi. Mail ija imabwera limodzi ndi Windows 10 ndipo Microsoft inasiya kuisamalira pa 31 December 2024 nkuika Outlook yatsopano m'malo mwake, nchifukwa chake ikukukankhirani kumeneko. Malaputopu ena akalekale mumapezamonso Windows Live Mail yomwe inasiyidwa mu 2017 koma ikadali pampando basi.

Ndiye musanagwire chilichonse dzifunseni kaye, makalata anga ndimawerengera kuti? Inu mwanena nokha kuti pa Gmail mu Chrome, ndiye kuvutikira Outlook nkwachabe, auzeni a Windows kuti za makalata zizipita ku Chrome komweko. Tsegulani Gmail, yang'anani kumapeto kwa kabokosi ka Chrome kolembamo adiresi ya tsamba pamwamba paja chakumanja, pamakhala kachizindikiro ka timadayamondi tiwiri tolowana, dinani pamenepo musankhe Allow kenako Done. Kakapanda kuoneka, ndipo kamakonda kubisala makamaka ngati mwini wakale anakakanapo, lembani chrome://settings/handlers pamwamba pomwepo muone ngati masamba akuloledwa kupempha kuti azitsegula malinki otere, ndipo mukapeza mail.google.com ili pa gulu la okanidwa ichotsenipo nkutsegulanso Gmail. Mukatero pitani ku Settings ya Windows, Apps, Default apps, pomwe palembedwa Email musankhe Google Chrome. Anthu ambiri amalekera pa Chrome nkuiwala za ku Windows kuno, kenako nkumati malume ananama.

Ngati mukufuna pulogalamu yeniyeni yokhala mu kompyuta momwemo ine ndimakonda Thunderbird, ndi yaulere, imagwirizana ndi Gmail, ndipo netiweki ikathawa makalata omwe analowa kale mumawerengabe, zomwe kwathu kuno si nkhani yaing'ono.

Koma za CV zija musadikire mpaka mutakonza zonsezi. Ikani mausi pa adiresiyo, dinani batani lakumanja, sankhani Copy email address, mukaimate mu Gmail basi kalata yapita. Osaitaipa pamanja chonde, kadontho kamodzi kakasowa kalata imabwerera inu muli pheee kudikira intavyu.

FUNSO: A Malume, ine ndine sekilitale pa kaofesi kena ku Limbe. Timagwiritsa Outlook yakale ija pa Windows 11 ndipo zinthu zinali bwino mpaka kompyuta itadzipanga update sabata yatha, pano ndikadina linki ya imelo ikutsegula Outlook ina yachilendo yopanda makalata anga, mwina osatsegula chilichonse. Abwana akuona ngati ndinagwiragwira ndine.
Mayi wa ku Limbe

YANKHO: Mayi, auzeni abwana kuti dzanja lanu mulibemo. Masiku ano ma Outlook alipo awiri, yatsopano ndi yakale yomwe pano akuitcha classic, zizindikiro zake nzofanana ngati mapasa ndiye mpando wa mailto umatha kupita kwa winayo inu osadziwa. Pa Windows 11 anasintha malo, palibenso paja pankalembedwa Email pamwamba. Lowani Settings, Apps, Default apps, m'kabokosi koyambirira lembani MAILTO, ikuonetsani yemwe wakhala pampando pano, dinani musankhe Outlook yakaleyo.

Kuti mudziwe ngati zatheka pali kanjira komwe ine ndimayambira nthawi zonse. Gwirani batani la Windows limodzi ndi R, m'kabokosi kabwereko lembani mailto: nkuphatikiza adiresi yanu yomwe, mumenye Enter. Kalata yatsopano ikatseguka mu Outlook yanu ndiye kuti Windows ilibe mlandu, wotsala ndi browser, pulogalamu yomwe mumatsegulira masamba a pa intaneti ija. Firefox makamaka ili ndi kaundula wakewake, mu Settings pa General mutsike mpaka pa Applications mupeza mailto, pamenepo muike Outlook kapena muiuze izikufunsani nthawi zonse. Komanso nthawi zina wolakwa ndi amene anakonza tsambalo, ikani mausi pa linkiyo osadina muyang'ane pansi kumanzere kwa sikirini, mukapanda kuona mawu oyamba ndi mailto: ndiye kuti ndi utoto wa buluu chabe, palibe chokonza kwanuko.

Outlook yakaleyo ikapanda kuoneka nkomwe pa mndandanda, pitani pa Installed apps mupeze Microsoft 365 kapena Office, Modify, Quick Repair, iyi siidya bandulo ndipo makalata anu sakhudzidwa. Online Repair ija imakoka zinthu zambiri pa intaneti, muisiye ikhale yomaliza. Ndipo poti ndi kompyuta ya ku ofesi, mukaona zomwe mwasintha zikubwerera mwakale m'mawa uliwonse mukayatsa, ndiye kuti a IT anakhoma dala kuchokera kwawo, aimbireni adzatsegule okha.