Mitengo yanga ikuoneka ngati yapulasitiki, ndikulakwitsa pati?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti akajambula mitengo, zithunzi zimatuluka zofuwa, koma akakweza saturation (mphamvu ya mitundu) ndi sharpening (kunola chithunzi) pakompyuta, mitengoyo imasanduka ngati maluwa apulasitiki. Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa vuto lomweli linanditayitsa chithunzi chimene sindidzachipezanso.

Panali mtengo wina waukulu umene ndinkaukonda. Unaima wokha pakati pa dambo, khungwa lake long'ambikang'ambika, mbali imodzi litakutidwa ndi ndere zotuwa. Tsiku lina ndinalawirira m'bandakucha n'kuujambula nkhungu isanachoke. Nditafika pakompyuta ndinaona ngati chithunzicho chazizira, ndiye ndinakweza saturation kwambiri, sharpening nayonso chimodzimodzi. Pafoni chinkawala, anthu n'kumachiyamikira. Kenako ndinachisindikiza chachikulu kuti ndichipachike pakhoma. Nditachigwira m'manja mtima unandiwawa. Masamba onse anali mtundu umodzi, kubiriwira kolasa m'maso. Nthambi iliyonse yodutsa pamtambo inali ndi kamzere koyera m'mphepete, ngati wina wailemberera ndi choko. Ndere zija zinasanduka zachikasu, ndipo nkhungu imene ndinadzukira usiku inali itazimiririka. Chopweteka kwambiri n'chakuti ndinajambula JPEG yokha, fayilo imene kamera yakonza kale n'kuipanikiza, n'kusunga yokonzedwayo pamwamba pa yoyamba. Chaka chotsatira mtengowo unagwa ndi chimphepo.

Ndiye ndinene mosapsatira: saturation ndi imene imapha zithunzi za mitengo. Imakweza mitundu yonse nthawi imodzi, osasankha. Tatengani tsamba muliyang'anitsitse padzuwa. Muli chikasu chambiri, muli kuderako, la pamthunzi likuoneka ngati labuluu pang'ono. Kusiyana kumeneku n'kumene kumauza diso kuti nthambi iyi ili pafupi, iyo ili kutali. Mukazikweza zonse, mtengo umaphwatalala.

Ena amanditsutsa n'kutchula filimu ya Fujifilm Velvia, imene inatuluka mu 1990 n'kutchuka ndi mitundu yake yamphamvu. Zoona, ojambula mapiri ndi nkhalango anaikonda. Koma iwowo ankadikirira kuwala koyenera, nthawi zina maola ambiri, chifukwa filimu ija inkachititsa mithunzi kuda bii dzuwa likakhala lamphamvu. Ife tatengera mtundu wokha, kudikirira kuja tasiya. Mafoni awonjezeranso vutoli, poti amakometsa okha mitundu ndi kunola chithunzi inu musanachikhudze, maso athu n'kuzolowera zimenezo.

Sharpening nayo anthu samaimvetsa. Siibweza chimene kamera sinagwire. Imangowalitsa mbali imodzi ya mphepete mwa chinthu n'kudetsa mbali inayo, diso n'kumaona ngati chaoneka bwino. Pamtengo pali masamba masauzande, lililonse ndi mphepete mwake, n'chifukwa chake mtengo ndiwo umayamba kuwonongeka. Ngati mphepo inkagwedeza masamba inu mukujambula pa 1/15 ya sekondi (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala), palibe pulogalamu imene ingawaimitse. Ngati munachepetsa bowo la lenzi mpaka f/22 pofuna kuti zonse zioneke, kuwala kumamwazikana podutsa pakabowo kakang'onoko, chithunzi chonse n'kufewa. Ine ndimakhala pa f/8 kapena f/11.

Chimene chinandisinthiradi zinthu ndi kagalasi ka polarizer, kamene amakaika kutsogolo kwa lenzi. Tsamba limanyezimira, limabweza kuwala kwa kumwamba, ndipo kunyezimirako n'kumene kumaphimba mtundu wake. Mukamazunguliza kagalasiko pang'onopang'ono, mumaona kuyera kuja kukuchoka, kubiriwira kwenikweni n'kutulukira. Yesani tsiku lamitambo mvula itangokata, makungwa akadali onyowa. Nthawi yoyamba imene ndinaona zimenezi ndinakhala pansi pa mtengo kwa nthawi yaitali, ndikungozunguliza.

Zoti muchite pakompyuta

Jambulani RAW, fayilo yosakonzedwa yosunga zimene kamera yagwira, ndipo yoyambayo musaifafanize. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, isiyeni saturation pa 0, mukweze vibrance pang'ono, chifukwa iyo imayamba ndi mitundu yofooka. Ngati masamba akulasabe m'maso, pitani pa HSL, pamene mumasintha mtundu uliwonse pawokha, mutsitse chikasu musanakhudze chobiriwira. Ponola, kulitsani chithunzi kufika pa 100%, radius (kukula kwa mphepete monoledwa) ikhale cha pa 1.0 kapena kuchepera, kenako gwirani batani la Alt mukukoka Masking mpaka mtambo utada, kuti pasanoledwe. Yang'anani pamene kanthambi kakang'ono kadutsa pamtambo. Mukangoona kamzere koyera, bwererani m'mbuyo.